Jekete ya a Semba

Apongozi anga, a Zuze Semba, tinawaika m'manda Loweruka lapitali kwawo ku Nsanje. Pobwerera, minibasi itayamba kukwera mapiri a ku Chikwawa, mayi wina kumbuyo kwanga anayetsemula kawiri, ndipo ndinangozindikira kuti ndikudikira. Ndinkadikira mawu a besi aja a apongozi anga afunse kuti chimenecho pa Chingerezi timati chiyani. Palibe anafunsa. Kondakitala anangotsegula windo. Ndinakwiya, ndipo mkwiyowo ndinafika nawo m'tauni ndisakudziwa kuti ndakwiyira ndani.

Pamaliro anthu anawatamanda kuti anali munthu wofatsa, wokonda mtendere. Sindikudziwa kuti ankanena za ndani. A Semba amene ndinkawadziwa ine anali munthu wamakani, wotopetsa, wosatha kuona mnzake akuyasamula osamufunsa funso. Mkazi wanga Lusiya, mwana wawo wachiwiri, anatsogola zaka ziwiri zapitazo. Mlamu wanga Esitere amawakonda kwambiri bambo ake moti sangawanene mmene analili. Ndiye kwatsala ine, amene ndinkakangana nawo.

Tsiku loyamba kuwaona ndinali nditangomaliza koleji n'kupeza ntchito mu ofesi ina cha ku Mandala. Lusiya ananditengera kwawo ku Soche, kanyumba ka njerwa zootcha koyang'ana phiri. Tinakhala pakhonde, iwo pampando wawo wathabwa wokhala ndi moika manja, ine pabenchi. Kunkatentha. Ndinayasamula, nditaphimba pakamwa monga mwaulemu.

"Chimene mwachitacho, achimwene, pa Chingerezi n'chiyani?"

Ndinati yawn.

"Ehe. Nanga ichi?" Anagwedeza mapewa ndi chibwano ngati munthu amene malungo amugwira.

Ndinati shiver, ndipo ndinayamba kumasuka.

"Nanga ichi?" Anakoka tsaya lawo lakumanzere kangapo, mofulumira, chikope n'kumagwedezeka nalo limodzi.

Sindinadziwe. Ndinayesa mawu awiri, onse anawakana ndi mutu.

"Lusiya!" anaitana. "Akuti anakhala zaka zinayi ku koleji. Ankakuphunzitsani chiyani kumeneko, kumanga tayi?"

"Ababa, asiyeni alendo amwe tiyi," Lusiya anayankha ali kukhitchini.

"Twitch," anatero iwo, atandilozetsa chala. "Musaliiwale liwu limenelo. Tiyi ndi uyo."

Sindinaliiwale. Zimenezi ndikufuna zidziwike kuyambira pano.

Iwowo sukulu analekezera Sitandade sikisi. Ntchito anayambira kukolopa m'mawodi pachipatala china cha mishoni kuchigwa kwawoko, masiku amene madokotala ambiri anali azungu osamva Chisena ngakhale Chinyanja. Ankati pokolopa ankachedwera dala pafupi ndi bedi limene dokotala waimapo, n'kumatola mawu. Womasulira atadwala, anawayesa iwo, ndipo chikolopa sanachigwirenso. Kenako anabwera ku Blantyre, nagwira ntchito yomweyo pakachipatala ka fakitale ina ku Makata mpaka kupuma.

Chingerezi chawo chinali cha mbali imodzi. Kalata yochokera ku khonsolo ndinkawawerengera ndine. Nkhani za pawailesi za Chingerezi ankazitseka, amvekere anthu amenewa amalankhula ngati akuthawa mvula. Koma zikafika pa zimene thupi limachita lokha, panalibe wowaposa. Kutsokomola ankakudziwa mitundu inayi, mtundu uliwonse ndi liwu lakelake. Kugeya, kuliza mkonono, kukukuta mano, kuchita tsembwe, kuphethira, kudzidzimuka m'tulo: chilichonse anali nalo dzina lake la kwa dokotala. Liwu la kuphwisa lokha ndilo ankaphunzitsa amuna okhaokha, ndipo ankayamba ayang'ana ngati kukhitchini kuli munthu.

Ankagawa zochita za munthu pawiri. Ankati pali zimene munthu amachita atafuna, ndipo zimenezo ndi zake, angathe kunama nazo. Ndiye pali zimene thupi limachita osapempha chilolezo kwa mwini wake, ndipo zimenezo ndi zimene dokotala amafuna. Ankati wodwala amafika kuchipatala atasamba, atavala za kutchalitchi, atakonza kale zokanena, choncho ntchito ya womasulira si kunyamula zimene pakamwa panena zokha. Iye aziona chala chimene chikunjenjemera pamene pakamwa pakuti ndili bwino. Ankatinso mdima wa munthu wosauka ndi wakuti amakhala nacho chizindikiro koma alibe liwu lake, ndiye amabwerera kunyumba ndi panado.

Mawuwo anawalemba pakatoni ya sopo imene anaidula bwinobwino n'kuipachika pabalaza, pambali pa kalendala ya mpingo. Kumanzere Chingerezi, kumanja Chinyanja, malembo akuluakulu a bolopeni yofiira. Ana awo anakula akuloweza katoni imeneyo. Lusiya ankandiuza kuti ali wamng'ono, akayetsemula patebulo sankapatsidwa ndiwo asanatchule liwu lake. Ine zinkandinyansa. Ndinkaona ngati ndi njira imene nkhalamba yosaphunzira yapeza yochepetsera anthu ophunzira, ndipo mpaka lero ndikukhulupirira kuti mbali ina zinalidi choncho. Ankasangalala ndikalephera. Ankawomba m'manja.

Anakangana ndi anthu ambiri. M'tchalitchi ankakhala kumbuyo n'kumawerenga oyasamula, ndipo tsiku lina anauza mkulu wa mpingo kuti ulaliki wake wayasamulitsa anthu makumi awiri ndi anayi. Mkuluyo sanawapatsenso moni kwa chaka. Ndi amayi oyandikana nawo ankakangana pa nkhani ya malodza. Wina akati ndayetsemula, kuli amene akunditchula, iwo ankayankha kuti amene akukutchulani ndi fumbi la mumsewu. Wina akati chikope changa chikugwedezeka, ndiona mlendo, ankamufunsa kuti chayamba liti, mbali iti, mutu ukupweteka kapena ayi, mpaka munthuyo ankanong'oneza bondo kuti walankhuliranji.

Koma mkangano wawo waukulu unali ndi amuna a anthu. Ku Makata ankadziwika kuti mwamuna akalowa ndi mkazi wake kwa dokotala n'kuyamba kumulankhulira, a Semba ankamutulutsa. Ankamuuza mwaulemu kuti akadikire pabenchi, akakana ankamugwira pamkono. Ankati mwamuna amafotokoza matenda amene iye akufuna kuti mkazi wake adwale, aang'ono, otha msanga, osachititsa manyazi. Bwana wina wa pafakitalepo anakawanenera kwa akuluakulu, koma iwo sanasinthe. Nkhani imeneyi ankaikonda, ndipo ndinaimva kosawerengeka.

Munthu yemweyu, chaka chake chomaliza, anabisa dzanja lake. Linayamba kunjenjemera lakumanja. Poyamba ankaliika m'thumba. Kenako anapempha Esitere kansalu koluka kamene kankakhala pawailesi, n'kumakafunditsa padzanjapo akakhala pampando, amvekere kukuzizira, mwezi wa Okutobala. Tiyi anayamba kumwera kumanzere. Nditawauza kuti tipite kuchipatala anandiyang'ana ngati ndawatukwana.

"Ine ndakalamba m'chipatala, apongozi. Mukufuna mukandionetse chiyani chimene sindinachione?"

"Ndiye tchulani liwu lake, bambo," ndinatero. "Chimene dzanjalo likuchita, pa Chingerezi n'chiyani?"

Sanaseke. Anati dzanja ndi lawo. Anakana mpaka tsiku limene anagwa kubafa, ndipo pamenepo n'kuti nthawi itatha. Zimenezi sindinawakhululukire.

Tsopano ndinene za Lusiya, chifukwa popanda zimenezo a Semba simungawamvetse.

Mwana wathu Tamanda anabadwa bwinobwino, ndipo Lusiya atatuluka m'chipatala anapita kukakhala kwa bambo ake kuti Esitere azimuthandiza. Patatha masiku asanu ndi limodzi anayamba kudandaula mutu. Nditafika Lachitatu m'mawa ndinapeza a Semba atakhala moyang'anizana naye, akumuyang'anitsitsa kumaso pamene ankayamwitsa.

"Taonani apa," anandiuza motsitsa mawu. "Dikirani. Apo!"

Ndinaona. Chikope chakumunsi cha diso lakumanzere chinagwedezeka, tsaya n'kukoka pang'ono, kenako zii. Lusiya anaseka, anati ndi tulo, mwana sakumugonetsa. Mayi anga, amene anabwera kudzaona mdzukulu wawo, anagwira pakamwa. Anati chikope chakumunsi ndi cha misozi, tipemphere.

"Tipemphera pobwera," anatero a Semba. "Apongozi, Lusiya apite kwa dokotala lero. Mukanene zitatu: mutu, kutupa kwa nkhope, ndi ichi. Liwu lake mukulidziwa. Mukanene kuti wabereka sabata yatha. Akamuyeze kuthamanga kwa magazi."

Analowa kuchipinda, natuluka atavala jekete yawo yabulawuni, imene ankavala popita kuntchito masiku akale. Anali atapesa. Anaima pakhomo akudikira kuti tinyamuke.

Ndinawaona m'maganizo mwanga atalowa m'chipinda cha dokotala, akukonza Chingerezi changa, akukoka tsaya lawo kusonyeza, mwinanso akundigwira pamkono kuti ndikadikire pabenchi, pamaso pa mkazi wanga.

"Musavutike, bambo," ndinatero. "Chingerezi ndikuchidziwa."

Anandiyang'ana kwa kanthawi. Ndinkayembekezera makani, ndipo yankho ndinali nditakonza kale. Koma anangoti, "Chabwino, apongozi." Anavula jekete ija, naipachika pamsomali wa kuseri kwa chitseko, n'kukakhala pampando wawo.

Tinapita kukachipatala kena kolipira mu Limbe, kumene kuntchito kwathu ankatitumiza. Dokotala anali mlendo m'dziko muno, wachinyamata ngati ine, waulemu, wosamva Chichewa. Lusiya Chingerezi ankachidziwa, koma mutu unkamupweteka moti anangotsamira paphewa langa. Ndinalankhula ndine. Ndinalankhula bwino kwambiri. Ndinanena za mutu, ndinanena kuti kunyumba kuli khanda ndipo sakugona. Liwu lija linafika pakamwa, ndipo ndinalibweza. Ndinamva mawu a mayi anga akuti chikope chakumunsi ndi cha misozi, ndipo ndinachita manyazi. Ndinaganiza kuti munthu wovala tayi akayamba kuuza dokotala za diso logwedezeka, dokotalayo aona munthu wakumudzi wokhulupirira malodza. Za kutupa kwa nkhope ndinaona ngati ndi mmene amakhalira mayi aliyense wongobereka. Dokotala atafunsa ngati pali china, ndinati palibe. Tinatuluka ndi mankhwala opha ululu ndi malangizo akuti azipuma mokwanira.

Titafika ku Soche, a Semba anali pampando pomwe tinawasiya.

"Munawauza zonse zitatu?"

"Ndinawauza, bambo."

Anayang'ana pakhosi panga, osati m'maso. Kenako anayang'ana kuphiri.

Lachisanu masana Lusiya anagwa akuyanika matewera, n'kuyamba kutsalima. Tinathamangira naye kuchipatala chachikulu. Madokotala anayesetsa. Lusiya anamwalira Loweruka, dzuwa likutuluka.

Tamanda anatsala m'manja mwa Esitere, m'nyumba ya a Semba, ndipo ine ndinkapitako Loweruka lililonse. Kwa zaka ziwiri ndinkakhala pabenchi lija, iwo pampando wawo, mwana akukwawa pakati pathu, kenako akuyenda. Ndinkadikira kuti andifunsenso. Ndinkafuna andifunse, andikalipire, anditchule chimene ndinali. Munthu amene sankalola kuti kugeya kudutse osakufunsa, funso limodzi lokhali analisiya. Chinanso chimene anasiya ndi kundiyesa mawu. Ndikayasamula ankayang'ana kumbali. Anasamukira kwa Tamanda. Mwana asanathe kunena kuti madzi, ankati akayetsemula n'kutembenukira kwa agogo ake, iwo n'kukweza chala: "Sneeze!" Iye n'kuseka mpaka kugwa chagada. Ine ndinkangoonerera ngati munthu amene anachotsedwa sukulu.

Ndinawauza patatsala milungu itatu kuti amwalire. Anali atatuluka m'chipatala atagwa kuja, ndipo tinkawanyamula kuwaika pakhonde kuti awothere dzuwa. Esitere anali atapita kumsika ndi mwana. Sindinakonzekere. Ndinangoyamba.

"Bambo, tsiku lija mu Limbe sindinanene zonse. Ndinanena mutu wokha."

"Ndikudziwa."

"Mukudziwa bwanji?"

"Munameza malovu kawiri musanandiyankhe." Mawu awo anali atachepa, koma ankamveka. "Munthu wonena zoona samezera funso lophweka."

Ndinaimirira. Sindikumbuka kuti ndinaimiriranji. "Ndiye munadziwa Lachitatu lomwelo? Iye ali moyo, ali m'nyumba umu? Bwanji simunanene? Bwanji simunamutenge nokha Lachinayi?"

Kansalu kaja kankagwedezeka padzanja pawo, ndipo tonse awiri tinkakaona.

"Ndikananena kuti mwanama, pamaso pa mayi anu, m'nyumba mwanga? Mkamwini sachititsidwa manyazi choncho. Ndinati ndidikire Lolemba, ndipeze chifukwa china chopitira naye ndekha, inu muli kuntchito." Anapuma. "Zaka makumi atatu ndatulutsa amuna a eni m'chipinda cha dokotala. Ena anali mabwana anga. Koma mwamuna wa mwana wanga ndinamuchitira ulemu. Jekete ija munandivula ndinu? Ndinavula ndekha."

Ndinakhalanso pansi. Ndinafunsa chimene ndinakhala nacho zaka ziwiri.

"Ndikanatchula liwu lija, akanakhala moyo?"

"Ine sindine dokotala, apongozi."

"Bambo, chonde."

"Ndinali womasulira. Ndinkapereka mawu, basi. Zimene zinkachitika pambuyo pake sizinali m'manja mwanga. Ena ankachira, ena ayi." Anatseka maso. "Mukufuna ndikuuzeni kuti ayi, kuti mugone. Kapena ndikuuzeni kuti inde, kuti mudziwe pokhomera mutu. Zonse ziwiri sindikuzidziwa. Sindinanamizepo wodwala, sindiyambira pa inu."

Ndinafuna kuwagwedeza. Nkhalamba yotsala mafupa okhaokha, yosatha kunyamula kapu, inali ikundikanizabe chinthu chimodzi chokha chimene ndinaipempha chibadwire. Maso anga anayamba kuchita zawo, ndipo ndinayang'ana kumbali kuti asaone. Anaona. Ndinamva akukoka mpweya ngati mmene ankachitira akafuna kufunsa funso lawo lija. Ndinadikira. Sanafunse. Anangoti ndiwakonzere pilo, akuterereka.

Sitinaikambenso nkhaniyo. Loweruka lotsatira anandifunsa za mvula, linalo sanandizindikire.

Dzulo ndinapita ku Soche kukathandiza Esitere kulongedza. Zovala zawo zipita ku Nsanje kwa abale, monga mwa mwambo. Esitere anasuzumira kuseri kwa chitseko cha pabalaza, n'kuima. Jekete yabulawuni ija ikadali pamsomali. A Semba sanaivalenso chiyambire Lachitatu lija, ngakhale pamaliro a Lusiya anavala ina yobwereka. Paphewa pake pali fumbi, ndipo m'thumba lapachifuwa muli bolopeni yofiira.

"Alamu, iyi tiike m'chikwama?"

Ndinati aisiye kaye.

Katoni ya sopo ikadali pambali pa kalendala. Malembo ofiira aja anafwifwa, ena sakuwerengekanso. Tamanda ankasewera ndi zitsekero za mabotolo pakhonde. Fumbi la zovala linamulowa m'mphuno, ndipo anayetsemula. Anatembenuka msangamsanga kuyang'ana pampando, kukamwa kuli kotsegula kale kuti aseke. Anadikira. Ine ndinali pabenchi, liwulo ndikulidziwa, ndipo ndinalitchula. Anandiyang'ana pang'ono ngati ndalowerera nkhani ya eni, n'kubwerera kuzitsekero zake.

Mpandowo sitinausunthe. Uli pomwe unkakhala, moyang'ana phiri, miyendo yake itasiya timaenje tinayi pasimenti. Kansalu koluka kaja kanali kakadali pa choikapo dzanja chakumanja, ndipo Esitere atakachotsa kuti akachape, tinaona thabwa la pansi pake. Vanishi yense anatha. Pamalo pamene pankakhala chala chawo cha mphete pali kachibowo kosaya, koyera, kosalala, kamene mpheteyo inakumba pogogoda thabwa tsiku ndi tsiku kwa chaka chathunthu, mwini wake akutiuza kuti kukuzizira.